Ndemanga za ogula pa intaneti: sikelo yatsopano yofunika woiyang'anira

LILONGWE - Kuyambira pa 6 Epulo 2025, kulemba, kugula kapena kugulitsa ndemanga zabodza zoyamikira katundu pa intaneti ndi kuphwanya lamulo m'dziko la Britain. Kampani yopezeka ikuchita mchitidwewu itha kulipitsidwa chindapusa chofika pa 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe imapeza pa chaka m'mayiko onse momwe imachita malonda. Dziko la America lidakhazikitsa lamulo longa lomweli mu Okutobala 2024, pomwe mayiko a mu mgwirizano wa European Union adayamba kutsata lawo mu Meyi 2022.

Kwa munthu amene adazolowera kugula ku msika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe, nkhaniyi itha kumveka yaing'ono. Ndemanga ndi mawu chabe amene wogula amalemba pa tsamba la msika akalandira katundu wake, ndipo nyenyezi ndi malikisi amene amapatsa wogulitsa, kuyambira pa imodzi kulekezera pa zisanu. Koma maboma amene akhazikitsa malamulowa aona kuti pa misika ya pa intaneti, pomwe wogula ndi wogulitsa sadziwana ndipo mwina sadzaonana moyo wawo wonse, mawu ndi nyenyezizi zikugwira ntchito ya sikelo. Wogula amayezerapo kukhulupirika kwa wogulitsa asanatumize ndalama zake. Sikeloyo ikakhala yobera, woyamba kulira ndi wogula, kenaka wogulitsa wachilungamo, ndipo mapeto ake anthu amauthawa msika wonse.

Vuto logula kwa mlendo

M'chaka cha 1970, katswiri wa zachuma wa ku America, a George Akerlof, adalemba za msika wa galimoto zakale. Iwo adaonetsa kuti wogulitsa amadziwa bwino ngati galimoto yake ili yamphamvu kapena yophwasuka, pomwe wogula sadziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amangolola kupereka mtengo wapakatikati. Mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo ngomuphera ndipo amaichotsa pa msika. Zikatero zotsala ndi zophwasuka zokhazokha, ogula amatsitsanso mtengo, mpaka malondawo amazilala. Ntchitoyi ndi imene idachititsa kuti a Akerlof alandire mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001.

Pa msika wamasiku onse vutoli limachepa chifukwa wogula amagwira katundu, kumutembenuza ndi kumuyesa asanalipire. Amadziwanso benchi la wogulitsa ndipo atha kubwererapo mawa ngati wabetsa. Wogulitsa wakuba mbiri yake imawanda msanga, chifukwa anthu amauzana mu minibasi, kuntchito ndi kutchalitchi. Pa intaneti zonsezi kulibe. Wogula amangoona chithunzi, amawerenga dzina limene wogulitsa wadzipatsa yekha, ndipo kawirikawiri ndalama ndi zimene zimatsogola, katundu n'kubwera pambuyo.

Momwe nyenyezi zidayambira

Msika wa eBay, umene a Pierre Omidyar adaukhazikitsa ku California mu Seputembala 1995, udakumana ndi vutoli m'miyezi yake yoyambirira. Anthu osadziwana ankagulitsana katundu podzera pa positi, ndipo pakabuka mkangano ankadandaula kwa a Omidyar, omwe pa nthawiyo ankayendetsa msikawo okha. Mu Febuluwale 1996 iwo adatsegula malo oti ogula ndi ogulitsa azilembapo za momwe malonda ayendera. Aliyense ankatha kunena kuti mnzake wachita bwino, wachita mwapakatikati kapena wachita zoipa, ndipo malikisi ake ankaoneka pafupi ndi dzina lake kwa aliyense wofuna kuchita naye malonda.

Kampani ya Amazon nayo idali itayamba kale kulola owerenga kulemba maganizo awo pa mabuku omwe inkagulitsa. M'zaka zotsatira njirayi idafalikira ku mahotela ndi malo odyera kudzera pa masamba a TripAdvisor ndi Yelp, ku nyumba zogona alendo kudzera pa Airbnb, komanso ku galimoto zonyamula anthu kudzera pa Uber.

Nzeru yake njosavuta kuimvetsa. Wogulitsa amene akudziwa kuti zochita zake za lero zidzawerengedwa ndi ogula a mawa amaganiza kawiri asanabe. Phindu lomwe angapeze popusitsa munthu mmodzi limachepa akaliyerekeza ndi malonda onse omwe angataye kutsogolo. Mwa njira imeneyi, chenjezo lomwe kumudzi limayenda pakamwa lidayamba kulembedwa ndi kusungidwa poyera. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Pa intaneti mnansiyo ndi wogula wina amene adatsogola.

Mbiri ili ndi mtengo wake

Akatswiri akhala akufufuza ngati mbiri yotereyi imasandukadi ndalama. A Paul Resnick a ku yunivesite ya Michigan ndi a Richard Zeckhauser a ku Harvard, pamodzi ndi anzawo, adagwirizana ndi wogulitsa wina wodziwika pa eBay amene ankachita malonda a makadi akale a zithunzi. Wogulitsayo adaika makadi ofanana pa msika, ena pansi pa dzina lake lodziwika, ena pansi pa mayina atsopano opanda mbiri. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2006, zidaonetsa kuti ogula ankalola kulipira mtengo wokwera ndi 8.1 peresenti kwa dzina lodziwika lija, ngakhale katundu ndi wogulitsa adali yemweyo.

Mu 2011, a Michael Luca a ku Harvard Business School adayerekeza nyenyezi za pa Yelp ndi ndalama zomwe malo odyera a mu mzinda wa Seattle ankapeza. Iwo adapeza kuti nyenyezi imodzi yoonjezera inkakweza ndalama za malo odyera oima paokha ndi 5 mpaka 9 peresenti. Malo odyera a makampani akuluakulu okhala ndi nthambi zambiri sankakhudzidwa kwenikweni, chifukwa anthu amawadziwa kale. Izi zikusonyeza kuti ndemanga zimathandiza kwambiri wamalonda wamng'ono amene alibe ndalama zotsatsira malonda pa wailesi kapena m'nyuzipepala.

Komatu apa mpamene pagonanso vuto. Chinthu chilichonse chokhala ndi mtengo chimakopa ofuna kuchipeza mwachidule.

Aliyense akakhala ndi nyenyezi zisanu

Vuto loyamba silichokera kwa akuba. Limachokera kwa ogula achilungamo amene amasankha kukhala chete. Kwa zaka zambiri pa eBay, wogula ndi wogulitsa ankapatsana malikisi onse awiri. Wogulitsa wochenjera ankadikira kuti wogula ayambe kulemba. Akamudzudzula, naye ankabwezera pomuipitsira mbiri. Ogula ambiri, poopa kubwezeredwa, ankangosiya osalemba kanthu. Mu 2008 kampaniyo idaletsa ogulitsa kulembera ogula ndemanga zoipa, chiganizo chomwe chidakwiyitsa ogulitsa ambiri. Kampani ya Airbnb idathana ndi vuto lomweli mu 2014 pokonza kuti mwini nyumba ndi mlendo asaone zomwe mnzake walemba mpaka onse awiri atalemba, kapena mpaka patadutsa masiku 14.

Ngakhale kusintha kotereku kudachitika, malikisi adapitirira kukhala okwera mopyola muyeso. Kafukufuku wa a Chris Nosko ndi a Steven Tadelis, yemwe adatuluka mu 2015, adapeza kuti ogulitsa pa eBay ankakhala ndi ndemanga zabwino zokwana 99.3 peresenti pa avereji. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho adapeza kuti pafupifupi nyumba 95 mwa 100 zilizonse pa Airbnb zidali ndi nyenyezi zinayi ndi theka kapena zisanu. Mayeso amene ophunzira onse amakhoza ndi malikisi 99 sathandiza mphunzitsi kudziwa wanzeru ndi wofooka, ndipo sikelo imene imapereka kulemera kumodzimodzi pa thumba lililonse ilibe ntchito.

A Nosko ndi a Tadelis adayesa kuwerengera mwa njira ina. M'malo moyerekeza ndemanga zabwino ndi zoipa zokha, iwo adayerekeza ndemanga zabwino ndi malonda onse omwe wogulitsa adachita, kuphatikizapo omwe wogula adangokhala chete. Avereji idatsika kufika cha m'ma 64 peresenti, ndipo kusiyana pakati pa ogulitsa kudayamba kuoneka bwino. Adapezanso kuti wogula amene wakhumudwa ndi wogulitsa mmodzi nthawi zambiri saimba mlandu wogulitsayo yekha, koma amasiya kugula pa msika wonsewo. Choncho wogulitsa mmodzi wachinyengo amaluzitsa anzake onse achilungamo.

Mbiri yochita kugula

Vuto lachiwiri ndi chinyengo chenicheni. Mu 2013, ofesi ya mkulu wa zamalamulo m'chigawo cha New York idatchera msampha: ofufuza adanamizira kuti ndi eni sitolo yogulitsa yogati ku Brooklyn ndipo adapempha makampani otsatsa malonda kuti awathandize kukonza mbiri yawo. Ena mwa makampaniwo adadzipereka kulemba ndemanga zabodza. Zidadziwika kuti olemba ena ankakhala ku Philippines, ku Bangladesh ndi kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ankalipidwa pakati pa dola imodzi ndi madola 10 pa ndemanga iliyonse yoyamikira malo omwe sadapondepo. Makampani 19 adavomera kulipira chindapusa choposa madola 350,000 onse pamodzi.

Mu 2017, mtolankhani wa ku London, a Oobah Butler, adalembetsa kanyumba ka kuseri kamene ankakhalamo ku Dulwich ngati malo odyera apamwamba pa TripAdvisor. Anzawo adalemba ndemanga zoyamikira chakudya chomwe kudalibe. Pofika mu Novembala chaka chomwecho, malowo adali pa nambala yoyamba mwa malo odyera oposa 18,000 a mu London, asanaphikirepo kasitomala ngakhale mmodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chotsatira, khoti la mu mzinda wa Lecce ku Italy lidagamula mwini kampani ina kukakhala kundende miyezi isanu ndi inayi chifukwa chogulitsa ndemanga zabodza kwa eni mahotela ndi malo odyera.

Misika itayamba kuika chizindikiro pa ndemanga za anthu amene adaguladi katundu, achinyengo nawo adasintha njira. Wogulitsa amapeza anthu kudzera m'magulu a pa Facebook, amawauza kuti agule katunduyo ndi ndalama zawo, alembe ndemanga ya nyenyezi zisanu, kenaka amawabwezera ndalamazo mseri n'kuwasiyira katunduyo ngati malipiro. Mu Julayi 2022, kampani ya Amazon idasumira oyendetsa magulu oposa 10,000 otere, ndipo gulu limodzi lidali ndi mamembala oposa 43,000. Kampaniyo idalengezanso kuti m'chaka cha 2022 chokha idatsekereza ndemanga zokayikitsa zoposa 200 miliyoni. Mu 2021 idali itachotsa pa msika wake mayina a katundu pafupifupi 600 a makampani a ku China kaamba ka mchitidwe womwewu.

Akatswiri atatu, a Sherry He, a Brett Hollenbeck ndi a Davide Proserpio, adatsatira katundu amene ankagulira ndemanga m'magulu amenewa ndipo adasindikiza zomwe adapeza mu 2022. Iwo adaona kuti nyenyezi ndi malonda zimakwera pa nthawi yomwe ndemanga zikugulidwa, koma kugulako kukatha nyenyezi zimatsika ndipo ndemanga za nyenyezi imodzi zimachuluka. Amenewa ndi ogula enieni amene adakopeka ndi bodza, n'kudzazindikira ndalama zitapita.

Njira ina ndi yoti wogulitsa amadzigula yekha pogwiritsa ntchito mayina abodza, n'kutumiza kaphukusi kopanda pake ku keyala ya munthu wosadziwa kanthu kuti zioneke ngati malonda achitikadi. Mu 2020 anthu ambiri ku America adalandira timapaketi ta mbewu tochokera ku China tomwe sadaitanitse, ndipo unduna wa zaulimi m'dzikolo udati zikuoneka kuti chidali chinyengo cha mtundu umenewu. Masiku ano ntchitoyi yaphwekanso chifukwa makina a kompyuta otchedwa AI amatha kulemba ndemanga mazanamazana, zomveka ngati za anthu osiyanasiyana, m'mphindi zochepa.

Mwini msika nayenso ndi wamalonda

Vuto lachitatu limakhudza amene amasunga sikeloyo. Mwini msika wa pa intaneti amapeza ndalama katundu akagulidwa, ndipo nyenyezi zambiri zimachulukitsa malonda. Mbali ina amafuna kuti anthu aziukhulupirira msika wake kwa zaka zambiri; mbali ina ndemanga zoipa zimamuchepetsera phindu la mwezi uno. Sikuti nthawi zonse mbali yoyamba ndi imene imapambana.

Mu Januwale 2022, kampani yogulitsa zovala ya Fashion Nova idavomera kulipira madola 4.2 miliyoni pofuna kuthetsa mlandu womwe bungwe loteteza ogula ku America la Federal Trade Commission lidaiimba. Bungweli lidati kuyambira chakumapeto kwa 2015 mpaka 2019, tsamba la kampaniyo linkaonetsa ndemanga za nyenyezi zinayi ndi zisanu zokha, zotsika n'kuzisunga osazitulutsa. Ndemanga iliyonse yooneka itha kukhala yoona, koma chithunzi chonse n'kukhala chabodza.

Amalonda ena adayesa kutseka pakamwa ogula poika mawu m'mapangano a malonda oti wodzudzula poyera adzalipira chindapusa. Nyumba ya malamulo ya ku America idathetsa mapangano otere mu 2016 kudzera mu lamulo la Consumer Review Fairness Act. Palinso nkhanza ya mbali inayo, pomwe wopikisana naye amalipira anthu kuti aipitse mbiri ya mnzake, kapena wogula amaopseza wogulitsa kuti amulembera zoipa akapanda kumutsitsira mtengo. Kwa dalaivala kapena wamalonda wamng'ono amene chakudya chake chagona pa nyenyezi, ndemanga zabodza zochepa chabe zitha kumuchotsera ntchito popanda pokadandaula.

Wobwera kumene ayambira pati?

Sikelo ya mbiri imakondera amene adayamba kale. Wogulitsa watsopano alibe ndemanga, ndipo wopanda ndemanga sapeza ogula oti amulembere. Ambiri amayamba ndi kutsitsa mitengo mpaka atadziwika, pomwe ena amagwa m'mayesero ogula ndemanga zoyamba. Komanso ngati msika umalola munthu kutaya dzina loipa n'kutsegula lina mosavuta, wakuba sataya kanthu, ndipo ogula amayamba kukayikira aliyense watsopano, wabwino ndi woipa yemwe.

Pomwe palibe mbiri, anthu amaweruza ndi zinthu zina, kuphatikizapo tsankho. Kafukufuku wa a Benjamin Edelman, a Michael Luca ndi a Dan Svirsky, wosindikizidwa mu 2017, adapeza kuti pa Airbnb ku America, alendo okhala ndi mayina odziwika pakati pa anthu akuda mwayi wawo wolandiridwa udali wotsika ndi 16 peresenti poyerekeza ndi a mayina odziwika pakati pa azungu. Kafukufuku wina wa mu 2020 adapeza kuti mlendo akakhala ndi ndemanga yabwino ngakhale imodzi, kusiyanaku kumatheratu pafupifupi konse. Izi zikutanthauza kuti mbiri yoona imateteza munthu wosadziwika, ndipo n'chifukwa chake kuiononga ndi bodza kumapweteka kwambiri ofooka.

Nyenyezi pazokha sizikwanira

Misika imene yakula kwambiri sidadalire ndemanga zokha. Msika wa Taobao, womwe kampani ya Alibaba idatsegula ku China mu 2003, udabweretsa njira ya Alipay: wogula amalipira, koma ndalamazo zimasungidwa ndi mkhalapakati mpaka wogulayo atatsimikiza kuti katundu wafika ndipo ndi yemwe adaitanitsa. Msikawu udalolanso wogula kucheza ndi wogulitsa asanagule. Kampani ya eBay, yomwe idalowa m'dzikolo ndi ndalama zambiri, idagonja pa mpikisanowo ndipo idatseka tsamba lake la ku China chakumapeto kwa 2006.

Mu Africa muno, msika wa Jumia, womwe udayamba ku Lagos m'dziko la Nigeria mu 2012, udakopa ogula powalola kulipira katundu atafika pakhomo. Njirayi ndi yodula kwa kampani chifukwa ena amakana katundu atamunyamula kale, koma idayankha mantha enieni a ogula. Phunziro la misika iwiriyi nlakuti ndemanga zimathandiza munthu kusankha wogulitsa, pomwe chomwe chimamulimbitsa mtima kuti alipire ndi kudziwa kuti zinthu zikalakwika ndalama zake zibwerera.

Zomwe malamulo atsopano akunena

Lamulo la ku America, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 21 Okutobala 2024, likuletsa ndemanga za anthu omwe kulibe, kuphatikizapo zolembedwa ndi AI, ndi za anthu amene sadagwiritsepo ntchito katunduyo. Likuletsanso kulipira munthu kuti alembe zabwino kapena zoipa, ogwira ntchito pa kampani kulemba ndemanga osaulula kuti ndi a pomwepo, ndi kuopseza ogula kuti afufute zomwe adalemba. Pa nthawi yomwe linkakhazikitsidwa, chindapusa chake chinkafika madola 51,744 pa cholakwa chilichonse.

Lamulo la ku Britain la Digital Markets, Competition and Consumers Act la 2024 lidapita patsogolo pokakamiza aliyense wofalitsa ndemanga kuchitapo kanthu kuti zabodza zisalowe ndipo zikalowa zichotsedwe. Bungwe la Competition and Markets Authority lidapatsidwa mphamvu zolipitsa lokha chindapusa popanda kuyamba lapita kukhoti. Mu 2025 makampani a Google ndi Amazon adalonjeza bungweli kuti alimbitsa njira zawo zothana ndi mchitidwewu. Ku European Union, msika uyenera kufotokoza ngati umatsimikiza kuti olemba ndemanga adaguladi katunduyo, ndi momwe umatsimikizira. Lamulo la malonda a pa intaneti la ku China, lomwe lidayamba pa 1 Januwale 2019, limaletsa kupeka malonda ndi ndemanga komanso limaletsa eni misika kufufuta ndemanga za ogula.

Mayiko osiyana chotere pa ndale afika pa mfundo imodzi, yakuti udindo sungasiyidwe kwa wogula yekha kuti azichenjera. Mwini msika amene amadyerera chikhulupiriro cha anthu ayenera kuyankha pa kulondola kwa sikelo yake.

Zikutanthauza chiyani kwa Malawi?

Amalawi ali kale pa misika imeneyi. Anthu ambiri, kuphatikizapo ogwira ntchito m'boma, amagula galimoto zakale pa masamba a makampani a ku Japan monga BE FORWARD ndi SBT Japan. Amatumiza ndalama zankhaninkhani atangoona zithunzi, n'kudikira masabata angapo kuti galimoto ifike pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Uwu ndi msika womwe a Akerlof ankaunena, kungoonjezerapo nyanja pakati. Amalonda ena amaoda katundu ku China ndi ku South Africa, pomwe malo ogona alendo a ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Likoma amadalira ndemanga za pa TripAdvisor ndi masamba ena kuti alendo akunja awasankhe.

Malonda a pa intaneti a pakati pa Amalawi okhaokha amachitika kwambiri m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, ndipo ndalama zimadutsa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Kumeneku kulibe nyenyezi zosungidwa pamalo amodzi komanso kulibe mkhalapakati wosunga ndalama. Wogula amadalira umboni wa mnzake, zithunzi za mauthenga oyamikira zomwe wogulitsa waika yekha, kapena mawu a woyendetsa gulu. Zithunzi zotere nzosavuta kupeka, ndipo wogulitsa amene wathawa ndi ndalama atha kutulukira m'gulu lina ndi nambala ina.

Maziko a malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zokhudza malonda a pa intaneti. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024 lidalimbitsa mphamvu za bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula ndi kuthana ndi kutsatsa malonda kosocheretsa. Kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017 ndi kulembetsa manambala a lamya komwe bungwe la MACRA lidalamula mu 2018 zimathandiza kuti dzina la pa intaneti lilumikizike ndi munthu weniweni, ngakhale ntchitoyi iyenera kuyendera limodzi ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024.

Zomwe mayiko ena adutsamo zikupereka mfundo zingapo kwa okonza ndondomeko za boma ndi kwa achinyamata amene akukhazikitsa misika ya pa intaneti m'dziko muno. Ndemanga iyenera kuchokera kwa munthu amene waguladi, ndipo msika uzinena poyera momwe umatsimikizira zimenezi. Ndemanga zoipa zisabisidwe, wodzudzula mwachilungamo asaopsezedwe, komanso wogulitsa amene wanamiziridwa akhale ndi pokadandaula. Chiwerengero cha malonda onse omwe wogulitsa wachita chizioneka pafupi ndi nyenyezi zake, pakuti nyenyezi zisanu zochokera kwa anthu atatu nzosiyana ndi nyenyezi zinayi zochokera kwa anthu 3,000. Pamwamba pa zonse, njira yosungitsa ndalama kwa mkhalapakati mpaka katundu atafika itha kuchepetsa madandaulo ambiri asanabadwe.

Nyengo iliyonse yogula mbewu, bungwe la Malawi Bureau of Standards limayesa masikelo a ogula ndi kuchenjeza alimi kuti asagulitse pa sikelo yosatsimikizidwa. Palibe amene amati mlimi wa ku Mchinji kapena ku Kasungu azidziyesera yekha sikelo ya venda, chifukwa aliyense amadziwa kuti alibe zida zochitira zimenezo. Wogula pa intaneti nayenso alibe njira yodziwira ngati ndemanga 500 zomwe akuwerenga zidalembedwa ndi anthu 500 kapena ndi munthu mmodzi wolipidwa. Malonda a pa intaneti akamakula m'dziko muno, funso loti ndani aziyesa sikelo yatsopanoyi lidzafika pa matebulo a maunduna ndi mabungwe a boma, ndipo kuliyankha msanga n'kotsika mtengo kusiyana ndi kudzabwezeretsa chikhulupiriro cha anthu chitatayika kale.